Kukonza ngolo ya pikapu yotsika Khwekhwelere: mmene ntchito ikuyendera

Ntchito ili m'manjayi ndi yokonza ngolo yokokedwa ndi galimoto, imene ambiri amangoti thirela, kuti izinyamula chimanga ndi mbatatesi kuchokera ku Dedza kupita kumisika ya kunyanja kudzera msewu wa Masasa ndi Golomoti. Ngoloyo inapangidwa ndi amisiri owotcherera zitsulo zaka zapitazo. Ili ndi ekiselo imodzi, bokosi lake ndi la mamita 2.4 m'litali ndi 1.5 m'lifupi, ilibe mabuleki, ilibenso pleti yonena kulemera kumene ingasenze. Yoikoka ndi pikapu ya dizilo ya double cab, ndiko kuti ya mizere iwiri ya mipando. Yakhala ikukwezedwa matumba 25, nthawi zina 30, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti injini imakoka osadandaula. Koma vuto la msewu umenewu si kukoka. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndipo gawo lalikulu la mtsetse umenewu lili pa Khwekhwelere, pamene makona ake ndi okhota ngati chigongono. Chimene tikufuna kudziwa ndi katundu amene pikapu ndi ngoloyi zingathe kuimitsa.

Sabata yoyamba, Lolemba: manambala a papleti

Sipanala sinagwiridwe lero. Tsiku lonse linathera pa kuwerenga.

Pleti ya wopanga galimoto imakhala pa mphuthu ya chitseko kapena m'chipinda cha injini, ndipo pa pikapuyi ili ndi manambala anayi otsatizana. Yoyamba, GVM, ndi malire a kulemera kwa galimoto yonse itanyamula: mafuta, anthu, katundu, zonse. Pano ndi makilogalamu 2,780. Yachiwiri, GCM, ndi malire a galimoto ndi ngolo pamodzi, 4,750. Ziwiri zotsirizazo ndi za maekiselo, yakutsogolo 1,300 ndipo yakumbuyo 1,600. M'buku la galimoto muli ziwiri zina: ngolo yopanda mabuleki isapyole makilo 750, ya mabuleki isapyole 2,500. Towbar, chitsulo chokokera ngolo chomangidwa kumbuyo kwa pikapu, nayo ili ndi kapleti kake, ndipo kakuti kulemera kotsamira pa mpira wokokera, kamutu kachitsulo kobulungira kamene ngolo imakolekedwapo, kusapyole makilo 150. Manambalawa ndi a galimoto iyi yokha. Pikapu ina, ngakhale yofanana nayo maonekedwe, iwerengedwe payokha, chifukwa chaka chimene inapangidwa, mtundu wa giyabokosi ndi dziko limene inapangidwira kukagulitsidwa zimasintha manambalawa.

Nambala imene aliyense amaigwira pamtima ndi 2,500 ija, ndipo ndi imene imasocheretsa. Mukachotsa 2,500 pa GCM ya 4,750, pikapuyo imatsala ndi makilo 2,250 basi. Ngati ikulemera kale kupitirira 2,000 muli dalaivala ndi mafuta, ndiye kuti kukoka ngolo yolemera chotero kumafuna kumbuyo kwa pikapu kukhale kopanda kanthu. Simungadzaze galimoto mpaka GVM n'kudzazanso ngolo mpaka malire ake. Malire onsewa amagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo amene ayambe kukwana ndi amene amalamula, kaya ndi a tayala, a ekiselo kapena a kapu, chitsulo cha kutsogolo kwa ngolo chokolekera pa mpira.

Palinso nkhani ya laisensi. Pa dongosolo la malaisensi la mayiko a SADC, limene Malawi imatsata, laisensi ya B imathera pa ngolo ya makilo 750. Ngolo yoposa pamenepo imafuna EB. Izi zalembedwa pa mndandanda wa zoti zikonzedwe ngolo isanalowe mumsewu ndi katundu.

Sabata yoyamba, Lachinayi: pasikelo

Kulemera kolembedwa m'buku ndi kwa galimoto yongotuluka kufakitale. Pikapuyi ili ndi chitsulo chotchinga kutsogolo, zitsulo zomangirira katundu kumbuyo, towbar, tayala lapadera, jeki ndi bokosi la zida. Thanki ya malita 80 ikadzaza dizilo ndi makilo pafupifupi 67. Choncho inapita pa sikelo ya magalimoto ya pamalo ena ogulira mbewu, thanki itadzaza, dalaivala ali pampando.

Kayezedwe kake ndi kotere: matayala akutsogolo okha pasikelo, kenaka galimoto yonse, kenaka akumbuyo okha. Zotsatira: kutsogolo 1,160, kumbuyo 900, yonse 2,060. Sikelo zazikuluzi zimadumpha makilo 20 nthawi imodzi, choncho osakhulupirira nambala yake mpaka pa kilo imodzi, ndipo poyeza ekiselo imodzi galimoto ikhale pamalo athyathyathya, apo ayi kulemera kumathawira mbali yotsika.

Ngolo yopanda kanthu inakwana makilo 420. Apa ndi pamene nkhani inaonekera poyera. Yopanda mabuleki malire ake ndi 750, ndipo 750 kuchotsa 420 ndi 330. Amenewo ndi matumba asanu ndi limodzi a makilo 50. Matumba 25 aja ndi makilo 1,250, kuphatikiza ngoloyo 1,670, ndiko kuti kuposa kuwirikiza kawiri malire ake, ndipo zonsezo zimadalira mabuleki a pikapu okha pa mtsetse wa Khwekhwelere. Kuti sipanachitike ngozi mpaka lero si umboni wakuti zinali bwino.

Matumba nawo anayezedwa, chifukwa mawu akuti “thumba la fifite” ndi dzina chabe. Achimanga ogulidwa m'midzi, osokedwa atadzaza mpaka kukamwa, anali pakati pa makilo 52 ndi 58. Ambatatesi ndiye ndi nkhani ina. Matumba osokerera chipewa pamwamba, ngati amene amaoneka m'mbali mwa M1 cha ku Bembeke, atatu amene anayezedwa anali 78, 85 ndi 92. Wowerenga matumba m'malo mwa makilo akhoza kupyola malire ndi theka la tani osadziwa. Sikelo yopachika yafika pa mndandanda wa zida zoyenda ndi ngoloyi.

Sabata yachiwiri: kuphwasula ngolo

Ngolo inakwezedwa pa zitsulo zochirikiza, osati pa jeki yokha, n'kuyamba kuiona kuchokera pansi.

Matayala ndi a galimoto yaing'ono, 175/70R13, ndipo pambuyo pa manambalawo pali 82. Nambala imeneyi ndi imene imanena katundu amene tayala lingasenze, ndipo 82 ndi makilo 475. Awiri ndi 950. Pansi pa makilo 1,670 tayala lililonse limasenza pafupifupi 800. Tayala lolemedwa chotero limapindika kwambiri m'mbali pa kuzungulira kulikonse, limatentha, nsalu ndi mawaya a m'kati zimalekana ndi labala, kenaka limaphulika popanda msomali uliwonse. Lamanzere lili kale ndi chotupa m'mbali. Manambala anayi otsiriza pa chidindo cha DOT amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ndipo onse awiri apyola zaka khumi. Matayala a ngolo kawirikawiri amakalamba mapanga ake asanathe, chifukwa amakhala padzuwa osayenda, ndiye kuona mapanga okha n'kosakwanira.

Ekiselo ndi yochotsedwa kumbuyo kwa galimoto yaing'ono yakale. Palibe paliponse pamene palembedwa mphamvu yake. Chingwe chitakokedwa kuchokera mbali ina kufika ina chinaonetsa kuti yapindika pakati ndi mamilimita pafupifupi 12, n'chifukwa chake matayala adyeka m'kati. Masipuling'i anagona, tsamba limodzi ndi lothyoka pafupi ndi bawuti yapakati, ndipo pa felemu pali zipsera zosonyeza kuti ekiselo imagunda pamenepo ngolo ikalowa m'dzenje. Mabering'i a kumanja anali ouma, girisi atasanduka dothi lakuda.

Kapu yokolekera ndi ya mainchesi awiri, ndiko kuti mamilimita 50.8, ya muyezo wa ku America, pamene mpira wa pa towbar ndi wa mamilimita 50. Kusiyanako n'kochepa moti ndi maso simungakuone, koma ndi kumene kumachititsa phokoso la gu gu ponyamuka ndi poima, ndipo kumadya mpira ndi kapu yomwe. Mpirawo utayezedwa unapezeka 49.6, choncho ukhalabe. Ukatsika kufika pa 49 ndi wotaya. Tcheni chachitetezo chinalipo chimodzi, chopyapyala ngati chomangira galu, chowotchereredwa pa mkono wa ngolo, chitsulo chochokera ku bokosi kufika pa kapu. Moto wowotcherera umafooketsa mphete ya tcheni pamalo pomwe pafunika mphamvu.

Felemu yokha ndi yabwino. Ndi chitsulo cha channel, chopindidwa ngati ngalande, chochindikala bwino, mowotcherera mwake mulibe ming'alu, ndipo mkono ndi wa mbali ziwiri zokumana kutsogolo, zolowa pansi pa bokosi mpaka pa zogwirira masipuling'i. Mkono wongowotchereredwa pa chitsulo chakutsogolo kwa bokosi ndi umene umathyoka, pamalo olumikizirapo.

Panali njira ziwiri. Yoyamba, kusintha matayala okha n'kuvomereza matumba asanu ndi limodzi. Yachiwiri, kusunga felemu ndi bokosi n'kusintha zonse za pansi kuti ikhale ngolo ya mabuleki ya makilo 1,500. Yasankhidwa ndi yachiwiri. Malire a 1,500 sanasankhidwe chifukwa pikapu singakoke zoposa apo, koma chifukwa ekiselo imodzi pa bokosi la msinkhu uwu ikapyola pamenepo, tayala limodzi likaphulika palibe china chogwira ngoloyo.

Sabata yachitatu: kumanga

Zimene zaikidwa: ekiselo yatsopano ya makilo 1,500 ya mabuleki a dramu, masipuling'i awiri a makilo 750 lililonse ndi ma U-bolt atsopano omangira masipuling'i ku ekiselo, matayala atatu a 185R14C a nambala 102, ndiko kuti makilo 850 lililonse, ndi marimu ake, kapu ya mamilimita 50 ya mabuleki odzigwira okha, handibuleki, kawaya kodzidzimutsa mabuleki ngolo ikamasuka, kagudumu kochirikiza mkono, ndi matcheni awiri omangidwa ndi mabawuti.

Mabuleki odzigwira okhawa amagwira ntchito motere. Pikapu ikachepetsa liwiro ngolo imaikankha, ndodo ya m'kati mwa kapu imalowa m'mbuyo, imakankha kachitsulo kamene kamakoka ndodo yaitali ya pansi pa ngolo, ndipo ndodoyo imakoka mawaya opita ku madramu. M'kati muli kashokabu koletsa kuti mabuleki asamagwire modzidzimutsa. Safuna magetsi kapena mafuta a mabuleki, n'chifukwa chake ndi oyenera kumalo kumene zida zosinthira zili kutali. Pokonza, yambani ku madramu: zungulizani chosinthira mpaka tayala litalimba, bwezani pang'onopang'ono mpaka lizizungulira likungokhudza pang'ono, mbali zonse ziwiri mofanana. Mukatero ndi pamene mumachotsa kulendewera kwa ndodo yaitali ija. Olakwitsa ambiri amayamba ndi kumanga ndodoyo, ndiye mabuleki amakhala ogwira nthawi zonse.

Kapleti ka pa kapu yatsopanoyi kakuti kulemera kotsamira pa mpira kusapyole makilo 100. Towbar imalola 150, koma tsopano wolamula ndi 100.

Ekiselo yakale inali pakatikati penipeni pa bokosi. Yatsopano yasunthidwa masentimita 10 kumbuyo, kuti katundu woyalidwa mofanana azitsamira kutsogolo pang'ono yekha. Kuchokera pa kapu kufika pa ekiselo tsopano ndi mamita 2.7. Poimika ekiselo, muyezo wochokera pa kapu kufika kumapeto kwa ekiselo kumanzere ndi kumanja uyenera kufanana, kusiyana kusapyole mamilimita atatu, apo ayi ngolo imayenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala.

Mabering'i anapakidwa girisi mpaka kutulukira mbali ina. Nati yogwira mabering'i imamangidwa gudumu likuzunguliridwa kuti mabering'i akhazikike, kenaka imabwezedwa pang'ono mpaka bowo la pini litaonekera, ndipo pini ikhale yatsopano. Yolimbitsitsa imawotcha mabering'i, yolekerera imagwedeza gudumu.

Ku towbar kunapezeka chinthu chimene sichinali pa mndandanda. Mwa mabawuti asanu ndi atatu oigwirizira ku chasisi, awiri anali wamba, opanda chizindikiro pamutu. Onse asinthidwa ndi a M12 olembedwa 8.8, omangidwa pa 80 Nm ndi sipanala yoyeza mphamvu. Pikapu itanyamula, pakati pa mpira payenera kukhala masentimita 35 mpaka 42 kuchokera pansi, ndipo ngolo ikakolekedwa ikhale yowongoka kapena yoweramira kutsogolo pang'ono, osati yoyang'ana kumwamba.

Ngolo yomalizidwa yabwerera pasikelo: makilo 480. Malo a katundu ndi 1,020, ndiko kuti matumba 20 a makilo 50 enieni, kapena 18 a makilo 55, kapena 12 a mbatatesi a makilo 85.

Sabata yachitatu, Loweruka: magetsi

Mawaya akale anali opotokoledwa pa mawaya a nyali za pikapu n'kukulungidwa ndi pulasitiki. Achotsedwa onse. Paikidwa soketi ya mapini asanu ndi awiri: 1 wachikasu indiketa yakumanzere, 2 wabuluu nyali ya chifunga, 3 woyera ethi (waya wobweza magetsi), 4 wobiriwira indiketa yakumanja, 5 wabulawuni nyali yakumbuyo kumanja, 6 wofiira nyali za mabuleki, 7 wakuda nyali yakumbuyo kumanzere. Poyesa koyamba, kuponda buleki kunkathimitsa nyali zakumbuyo, indiketa ikayaka zonse n'kumaphethira. Chizindikiro chimenechi ndi cha ethi yofooka pafupifupi nthawi zonse. Waya woyera anali atamangidwa pa chitsulo chopentedwa. Atapala penti n'kukokanso waya wa ethi kufika pa nyali iliyonse, zonse zinakhala bwino. Mpira wokokera si ethi, chifukwa uli ndi girisi ndipo umagwedera. Zonyezimira zaikidwa, zofiira kumbuyo, zachikasu m'mbali, zoyera kutsogolo.

Sabata yachinayi: kupakira

Gawo ili ndi limene silimatha ndi kugula chitsulo, chifukwa limabwerezedwa pa ulendo uliwonse.

Kulemera kotsamira pa mpira kumayezedwa ndi sikelo ya m'nyumba yoyezera anthu. Ngolo ikhale pamalo athyathyathya, matayala atatsekedwa ndi miyala, kamtengo kaimikidwe pakati pa kapu ndi sikelo, kodulidwa moti kapu ikhale pa msinkhu womwewo umene imakhala ikakolekedwa. Ngati mukuopa kuti sikelo ichepa, ikani thabwa lolimba pa mapaipi awiri otalikirana masentimita 90, imodzi pa njerwa ina pa sikelo, kamtengo kaime masentimita 30 kuchokera ku njerwa, ndipo chimene sikelo yawerenga muchulukitse katatu.

Yopanda kanthu ngoloyi imatsamira ndi makilo 45. Kenaka anyamata opakira anauzidwa kuti akweze matumba 20 mmene amachitira masiku onse. Poti chitseko chili kumbuyo, mzere wachitatu wa pamwamba unathera kumbuyo konko, ndipo sikelo inawerenga 30. Munthu mmodzi amatha kunyamula mkono wa ngolo ndi dzanja limodzi, ndipo opakira amaona ngati apakira bwino chifukwa pikapu sikukhala pansi. Kupakira kumeneku ndi koopsa kuposa kwina kulikonse. Katundu akakhala kumbuyo kwa ekiselo, ngolo ikangokankhidwa pang'ono ndi mphepo ya lole yodutsa kapena dzenje, kulemerako kumaikokera kunja m'malo moibweza pamzere, ndipo kugwedeza kulikonse kumakula kuposa koyamba mpaka ngolo itayamba kuponya kumbuyo kwa pikapu uku ndi uku.

Matumba atayalidwa mofanana m'bokosi lonse, sikelo inati 82. Pa mkono wa mamita 2.7, thumba la makilo 50 likasunthidwa mita imodzi kutsogolo limawonjezera makilo 18 pa mpira. Thumba limodzi la pamwamba litasunthidwa pang'ono, inafika 95, ndipo apo ndi pamene tasiyira. Ena amaphunzitsa kuti pa mpira pakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa ngolo, kumene pano kukanakhala makilo 148. Langizolo ndi labwino pamene kapu ndi towbar zikulola, koma kapu iyi imathera pa 100, choncho cholinga ndi kukhala pafupi ndi 100 osapyola. Pansi pa bokosi pajambulidwa mzere wa penti pamwamba pa ekiselo, kuti wopakira aliyense aziona kuti kutsogolo kwa mzerewo kuzikhala katundu wochulukirapo, olemera pansi, ndipo matumba asapitirire mizere itatu kukwera. Malamba awiri omanga ndi chokokera adutsa pamwamba, lachitatu kumbuyo, chifukwa thumba lotsetsereka pokwera chitunda limasintha zonse zimene mwayeza.

Tsopano pikapuyo. Pa GVM ya 2,780 kuchotsa 2,060 patsala 720. Kulemera kwa pa mpira kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto, ndiye patsala 625. Othandiza awiri pa mpando wakumbuyo, makilo 140, patsala 485. Powerenga chotero matumba asanu ndi anayi akulowa. Koma ekiselo yakumbuyo ikukana. Mpira uli mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, ndipo maekiselo awiriwo atalikirana mamita 3.1, choncho makilo 95 a pa mpira amafika pa ekiselo yakumbuyo ngati 132, n'kupepukitsa kutsogolo ndi 37, monga mmene mwana wokhala kunsonga kwa thabwa amanyamulira mnzake wa mbali ina. Bokosi la double cab nalo lili pamwamba ndi kumbuyo kwa ekiseloyo, ndiye matumba onse amagwera pomwepo. Kuphatikiza zonse, matumba asanu ndi anayi akufikitsa ekiselo yakumbuyo pa 1,600 ndendende, popanda mpata ngakhale wa thumba lolemera kuposa linzake. Kutsogolo kukapepuka chiwongolero chimayandama, mabuleki akutsogolo, amene amagwira ntchito yaikulu, amataya mphamvu, ndipo usiku nyali zimathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo.

Chigamulo: matumba asanu ndi limodzi m'pikapu, otsamira ku kabini, ndi 20 m'ngolo. Sikelo yavomereza: kutsogolo 1,160, kumbuyo 1,440, ekiselo ya ngolo 1,380, zonse pamodzi 3,980. Onse ndi matumba 26, kuposa 25 aja ankakwezedwa m'ngolo yokha, koma tsopano palibe nambala yapyola malire.

Sabata yachisanu: mumsewu

Asananyamuke: mpweya wa matayala a ngolo 450 kPa, ndiko kuti 65 psi, oyezedwa ali ozizira, akumbuyo a pikapu pa muyezo wa galimoto yonyamula umene uli pa chitseko. Kapu itakhala pa mpira, kagudumu kochirikiza kanapukusidwa kukweza mkono kuti tione ngati kapu ikunyamula kumbuyo kwa pikapu. Ikanyamula ndiye kuti yagwira. Matcheni apingasa pansi pa mkono kuti kapu ikamasuka igwere pa iwo osati pa tala, ndipo kawaya ka mabuleki kakolekedwa pa towbar penipeni, kali kafupi kuposa matcheni koma kosakoka pokhota. Mafuta a mabuleki a pikapu anasinthidwa dzulo lake. A mtundu wa DOT 4 atsopano amawira pa madigiri 230, koma akamwa chinyezi kwa zaka ziwiri kapena zitatu amatha kuwira pa 155, ndipo akawira buleki imangolowa pansi ngati mwaponda siponji.

Kuyesa koyamba kunachitikira pamalo owongoka opanda magalimoto, kuima mwamphamvu pa liwiro la makilomita 30 pa ola, kenaka 50. Ngolo inagwira bwino osakokera mbali. Pa makilomita khumi oyamba dzanja litayandikizidwa pa madramu, lakumanzere linali lotentha kuposa linzake. Linabwezedwa pang'ono ndipo anafanana. Pa makilomita 50 manati a magudumu anayesedwanso, ndipo atatu anazungulira pang'ono, zimene zimachitika pa marimu atsopano penti ikamaphwanyika pansi pa nati. Ma U-bolt nawonso anamangidwanso.

Pa M1 liwiro laikidwa pa 70, osapyola 80. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza imakula mofulumira kuposa liwiro: pa 80 ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri ya pa 60. Mpata ndi galimoto yakutsogolo ukhale wa masekondi anayi kapena asanu. Lole zitadutsa ngolo inagwedezeka kamodzi n'kubwerera pamzere yokha, monga iyenera kuchitira. Ikadzayamba kuvina tsiku lina, chochita ndi kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka, osaponda buleki mwamphamvu, osayesa kuithamangitsa kuti iwongoke, ndipo ikadekha kuima n'kuyezanso katundu.

Pa Khwekhwelere giya inalowetsedwa yachiwiri mtsetse usanayambe, osati pakati pake. Matani anayi otsika mamita 1,000 amatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa malita oposa 100 a madzi, ndipo kutentha kumeneko kuyenera kupita kwina kwake. Injini ikagwira, gawo lalikulu limatuluka kudzera kumeneko. Giya ikakhala yapamwamba kapena yachotsedwa kuti mafuta asungike, konse kumathera m'mabuleki. Liwiro linali pakati pa 25 ndi 30, buleki ikupondedwa mwamphamvu kwa kanthawi kona isanafike n'kuisiya kuti ipume, osati kuigoneka phazi njira yonse.

Pamenepa mabuleki odzigwira okha ali ndi chilema chake chimene woyendetsa ayenera kuchidziwa. Pa mtsetse wautali ngolo imakankha pikapu mosalekeza, choncho mabuleki ake amakhala ogwira ngakhale dalaivala sanaponde kanthu. Pakati pa phiri, pamalo otakasuka, madramu anali otentha moti dzanja silikanayandikira, ndipo fungo linayamba kumveka. Anapumitsidwa mphindi 15, galimoto ili m'giya, miyala ili kutsogolo kwa matayala, handibuleki ya ngolo yosakokedwa kuti nsapato za mabuleki zisamatirire pa dramu lotentha. Madzi osathira, dramu limapindika kapena kung'aluka. Kupuma kumeneku kwalembedwa ngati gawo la ulendo uliwonse wotsika ndi katundu.

Pobwerera, chitunda chinakwereka ndi giya yachiwiri, makona awiri ndi yoyamba, muvi wa kutentha kwa injini osasuntha. Pa makona othinawo ngolo imadula njira m'kati, choncho pikapu iyenera kulowa motakasa, koma osadya mbali ya obwera kutsogolo pamene simukuona. Chinanso: ngolo ikamabwerera m'mbuyo mabuleki a mtundu uwu amadzimasula okha kuti galimoto ithe kubwerera, ndiye mukaima pa chitunda musawadalire. Handibuleki ikokedwe mpaka kumapeto ndipo miyala iikidwe kumbuyo kwa matayala. Zitsulo ziwiri zotsekera matayala zawotchereredwa kale ndipo zili ndi malo ake pa mkono.

Zotsala

Kukhoma pleti pa mkono yolembedwa 480 yopanda kanthu, 1,500 yodzaza, 100 pa mpira, ndi 450 kPa. Kulembetsa ngolo ku ofesi ya Road Traffic kuti ikhale ndi nambala yake ndi chiphaso chakuti ndi yoyenera pamsewu, komanso kufunsa a inshuwalansi ngati pepala la pikapu likuphimba ngolo. Dalaivala wachiwiri ali ndi laisensi ya B yokha, choncho sakoka mpaka atapeza EB. Magalasi a m'mbali akuonetsa ngolo bwino matumba ali mizere itatu, koma lakumanzere likufunika kagalasi kowonjezera koonetsa tayala pa makona. Mabering'i ndi mabuleki aonedwanso ngolo ikayenda makilomita 500, ndipo ulendo woyamba wa mbatatesi uyezedwa thumba lililonse pa sikelo yopachika, chifukwa mzere wa penti uja unayesedwa ndi chimanga chokha.